Nkhwaila za ku Siyaso zinachokera kutali

Anzathu amene timakwerera basi ku Mbare kupita ku Bindura, ambirife timangodutsa Siyaso maso ali pa katundu. Komatu kumeneko n'kumene kuli amisiri a nkhwaila, zija Ashona amati manyatera, zimene makorokoza a ku Kitsiyatota amavala akavula majombo.

Mbare inakhazikitsidwa mu 1907, ikutchedwa Harari, ngati malo amene azungu a ku Salisbury anapatulira anthu akuda. Agogo athu a ku Nyasaland, ena obwera ndi Mthandizi, ena oyenda wapansi kudzera ku Tete, ambiri ankafikira kumeneko asanabalalikire m'migodi ndi m'mafamu. Malipiro anali ochepa, ndiye nsapato ya m'sitolo inali ya Lamulungu basi. Masiku enawa munthu ankadalira tayala lotha. Mmisiri ankapondetsa phazi lako pa tayala, n'kulemba mzere, n'kudula ndi mpeni wakuthwa wonyowetsa m'madzi, kenako n'kukhomera malamba ndi timisomali. Ukangolipira kamodzi, minga ndi miyala umaziiwala.

Mu 1939 kampani ya Bata inatsegula fakitale ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru, ndipo m'kupita kwa zaka patapata zinalowa nyumba iliyonse. Koma patapata ndi ya kubafa ndi pakhonde. Wa ngolo, wa kumunda ndi wa kumgodi anakakamirabe nkhwaila, ndipo odula matayala anapeza malo ku Magaba, pakati pa okhoma zidebe, owotcherera zitsulo ndi akalipentala. Msika wa Siyaso unakulira momwemo.

Chimene sitidzaiwala ndi Murambatsvina ya mu May 2005. Siyaso inagwetsedwa, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 m'dziko lonse anataya pokhala, kapena popezera ndalama, kapena zonse ziwiri. Amisiri aja anabwereranso pang'onopang'ono. Zida zawo zimakwana m'thumba limodzi, n'chifukwa chake kuwathamangitsa n'kosavuta koma kuwathetsa n'kovuta.

Chimene chikuwafooketsa lero si buludoza ayi. Tinene zoona, ndife tomwe. Masilipasi apulasitiki a zhing-zhong amene timawolotsa pa Beitbridge kuchokera ku Musina ndi opepuka m'chikwama, amatha msanga pamsika, ndipo wogula amabweranso chifukwa lamba sachedwa kuduka. Phindu lilipo, sitikana. Kwinaku matayala ambiri a masiku ano ali ndi waya m'kati, zomwe zimabunthitsa mpeni ndi kuchedwetsa ntchito.

Ngati mukuoda zoti mukagulitse ku Kitsiyatota, musasiye nkhwaila zonse. Pindani soli muone ngati waya sakutuluka m'mbali, pisani chala m'kati mumve ngati misomali inapindidwa bwino, ndipo muchulutse masaizi akuluakulu. Mtengo mukambirane ndi wodulayo mwini wake, osati mnyamata wokuchingamirani pageti.