Mafuta akadontha m'nkhokwe: zomwe zimateteza nthaka ndi mitsinje ya Blantyre

Mzinda wa Blantyre umasunga petulo ndi dizilo wochuluka. Ku Matindi kuli nkhokwe za bungwe la NOCMA zotha kusunga malita 25 miliyoni, zomwe ndi gawo la malita 60 miliyoni a nkhokwe za dziko lino pamodzi ndi za ku Kanengo ku Lilongwe ndi ku Sonda ku Mzuzu. Makampani ena amasunga mafuta kudera la mafakitale la Makata, pafupi ndi Ndirande ndi mtsinje wa Mudi, ndipo malo omwetsera mafuta ku Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri ali ndi mathanki okwiriridwa pansi.

Mafuta amadontha chifukwa cha dzimbiri pansi pa thanki, mapaipi osweka kapena kudzaza thanki mpaka kusefukira. Akalowa m'nthaka amafika kumadzi a zitsime ndi mijigo, ndipo benzene wopezeka m'petulo amayambitsa khansa ya m'magazi. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero umatsetsereka m'ngalande n'kukayaka kutali ndi kumene wachokera.

Makina odziwira kudontha

Kale ogwira ntchito ankadalira ndodo yoyezera imene ankaiviika m'thanki. Masiku ano chipangizo cha mkati mwa thanki chimayeza kuchuluka ndi kutentha kwa mafuta usana ndi usiku n'kutumiza ziwerengero ku kompyuta. Mafuta akatsika pamene palibe amene akupopa, belu limalira.

Mathanki ena ali ndi makoma awiri. Pakati pa makomawo pamakhala kachipangizo kamene kamazindikira mafuta khoma lamkati likaboola, asanafike kunthaka. Palinso zingwe zoyalidwa pansi pa mapaipi zosonyeza malo enieni podontha, komanso swichi yodziimira payokha yotseka mpope thanki ikatsala pang'ono kudzaza.

Zonsezi zimafuna kuyesedwa kawirikawiri komanso magetsi apadera a Escom akathima. Pa 11 December 2005, ku Buncefield ku England, choyezera chinauma ndipo swichi sinagwire ntchito. Petulo anasefukira n'kuphulika, anthu oposa 40 anavulala, ndipo mafuta ena anaipitsa madzi a pansi pa nthaka.

Khoma ndi ngalande

Thanki yaikulu imazunguliridwa ndi khoma la konkire lomwe, malinga ndi muyezo wa m'maiko ambiri, liyenera kusunga 110 peresenti ya mafuta a thanki yaikulu koposa pamalopo. Koma mvula imadzaza mpandawo ndipo madzi ayenera kutulutsidwa. Apa ndi pamene pagona ngozi: valavu ikasiyidwa yotsegula, mafuta otayika amatuluka limodzi ndi madzi.

N'chifukwa chake valavuyo imakhala yotseka nthawi zonse, ndipo madzi amayamba adutsa m'dzenje lolekanitsa, momwe mafuta amayandama pamwamba n'kutsekeredwa. Pamalo amakono, chipangizo chikangomva mafuta m'madzi, valavu imadzitseka yokha. Mvula yonga ya namondwe wa Freddy mu March 2023 imasefukiza dzenje lodzaza matope kapena zinyalala, choncho liyenera kuyeretsedwa dzinja lisanafike.

Oyang'anira ndi udindo wa nzika

Bungwe la MERA, lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la 2004, ndilo limapereka ziphaso zosungira ndi kugulitsa mafuta, pamene la MEPA limaona zachilengedwe motsatira lamulo la 2017.

Anthu akamva fungo la petulo m'chitsime kapena kuona mafuta akuyandama m'ngalande, asamwe madziwo, asayatse moto pafupi, ndipo adziwitse a zozimitsa moto kukhonsolo ya mzinda, apolisi kapena MERA. Kutunga mafuta otayika n'kuika moyo pachiswe: mu November 2016, anthu oposa 70 anafa ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique pamene thankala imene ankatungamo mafuta inaphulika.