Ulendo wa Liwu Loti Psychology

Tili ku koleji ya aphunzitsi, panali liwu limodzi limene linkatigwetsa polemba, ndilo psychology. Pakamwa tinkati saikoloje, koma papepala pankafunika chilembo cha p patsogolo, chilembo chosamveka konse. Mnzanga wina anachitcha mlendo wodya nawo nsima koma wosalankhula. Ndinaphunzitsa zaka zambiri osafunsa kumene mlendoyu anachokera. Ndafufuza nditapuma kale ntchito, ndili kwathu kuno ku Mughese, m'mapiri a Misuku.

Liwuli linalumikizidwa kuchokera ku mawu aŵiri a Chigiriki. Lachiŵiri, logos, silivuta: limatanthauza mawu, kulongosola kapena maphunziro. Loyamba, psyche, ndilo lili ndi nkhani. Agiriki amatchula p ndi s pamodzi, ndipo ali ndi chilembo chimodzi cha mamvekedwe ameneŵa chotchedwa psi. Angerezi lilime linawakanika, nasiya kutchula p, koma polemba anamusunga. Poyambirira psyche unali mpweya, uja umatuluka munthu akamatsirizika. Kenaka liwuli linayamba kuimira moyo umene uli mwa munthu. Aristotle, amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, analemba buku lathunthu pa za psyche, ndipo anaphunzitsa kuti ngakhale zomera zili nayo, popeza zimadya ndi kukula. Chimene chimandikondweretsa koposa n'chakuti liwu lomweli linkatanthauzanso gulugufe. Ndikamadutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese dzuŵa litatentha, agulugufe akuuluka pamwamba pa minda ya khofi, ndimamvetsa chifukwa chake: kanthu kopepuka kamene kamatuluka m'chikwa chooneka ngati chakufa.

Komatu Agiriki akalewo sanagwiritsepo liwu loti psychology. Mmodzi mwa oyamba kulilemba anali Marko Marulić wa mumzinda wa Split, ku Croatia, amene anamwalira mu 1524. Iye analiika pamutu wa buku la Chilatini lonena za mzimu wa munthu. Bukulo linatayika, tinatsala ndi mutu wokha, wolembedwa pa mndandanda wa ntchito zake. Mu 1590 Rudolf Goclenius wa ku Marburg anasindikiza buku lokhala ndi liwuli pamutu, ndipo Christian Wolff analitchukitsa ndi mabuku aŵiri a mu 1732 ndi 1734. Nthaŵi yonseyi psychology inali nkhani ya anthu oganiza mozama ndi atsogoleri achipembedzo.

Zinthu zinatembenuka mu 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula chipinda chofufuziramo ku Leipzig, nayamba kuyesa ndi zipangizo nthaŵi imene munthu amatenga kuti ayankhe akamva phokoso kapena akaona kuŵala. Chaka chimenecho Dr Robert Laws ndi anzake anali akadali ku Cape Maclear, asanasamukire ku Bandawe. Mu 1913 John B. Watson wa ku America anafika ponena kuti za mumtima zisiyidwe, akatswiri aziyang'ana zochita zooneka ndi maso basi. Motero maphunziro amene dzina lake limati mzimu anauthamangitsa mzimuwo pakhomo, natsala ndi dzina.

Kwathu kuno psyche inafika psychology isanafike, ndipo inaloŵera pa khomo la tchalitchi. Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki, choncho omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, anakumana nalo liwuli kaŵirikaŵiri. M'malo ambiri analimasulira kuti moyo, nasungira liwu loti mzimu liwu lina la Chigiriki, pneuma. Ine ndikanakhalapo ndikanapempha kuti aganizirenso mtima, pakuti ife timakwiya, timakhumba ndi kusweka mumtima, osati m'mutu. N'chifukwa chake mpaka lero tilibe liwu limodzi; timazungulira, n'kumati maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu.

Ambiri akamva saikoloje amaganiza za misala ndi chipatala cha ku Zomba, ena amayesa ndi matsenga oŵerengera maganizo a anzako. Onseŵa amaphonya. Dr Chiwoza Bandawe, m'buku lake lotchedwa Practical uMunthu Psychology, anayesa kuimika maphunziroŵa pa umunthu, pa munthu wokhala pakati pa abale ake, osati wotsekeredwa yekha m'chipinda choyeseramo.

Ine ndinaphunzira phunziroli mochedwa. M'kalasi langa loyamba munali kamnyamata kamene sikankayankha funso lililonse. Ndinachita monga Watson: ndinaona chete wake, n'kulemba m'kaundula kuti n'kopanda nzeru, ndipo kangapo ndinakakwapula. Tsiku lina ndinakapeza kuseri kwa sukulu kakufotokozera anzake nthano m'Chisukwa, onse ali kukamwa yasa. Kunyumba kwawo Chicheŵa sichinkalankhulidwa, ndipo kankaopa kusekedwa. Chisukwacho ndinkachidziŵa bwino lomwe, pakuti ndinayamwira chomwecho, koma miyezi isanu ndi umodzi inatha ndisanakafunse kanthu m'chilankhulo cha amake.