Kamera ya chitini: kapangidwe kake ndi momwe imajambulira

Kamera ya chitini ndi chipangizo chojambulira zithunzi chomwe chilibe galasi, batire kapena waya. Ndi chitini chotsekedwa bwino, chakuda m'kati, chokhala ndi kabowo kamodzi kochepa ngati nsonga ya singano. Pa Chingerezi amaitcha pinhole camera, ndipo ophunzira a fizikisi ku sekondale amakumana nayo pamutu wa kuwala, kawirikawiri itangojambulidwa ndi choko pabolodi. Komatu zambiri zoipangira n'zopezeka m'nyumba ndi m'magolosale, ngakhale kudera la kumudzi ngati Milonde m'boma la Mulanje: chitini chomwe munali mkaka wa ufa kapena khofi, singano, msomali, penti yakuda ndi tepi yomatira mawaya a magetsi.

Chinsinsi chake n'chakuti kuwala kumayenda mowongoka, sikukhota. Kuwala kochokera kunsonga kwa mtengo kukalowa pakabowo kumakagwera m'munsi mwa khoma la kumbuyo kwa chitini, pomwe kochokera patsinde kumakagwera m'mwamba. Motero chithunzi chimatuluka chozondoka, ndipo za kumanja zimapita kumanzere. Kukula kwake kumadalira kuya kwa chitini ndi kutalika kwa mtunda. Mtengo wotalika mamita 10, womwe uli pamtunda wa mamita 20, umaoneka wa masentimita 5 m'chitini chakuya masentimita 10.

Aliyense yemwe anagonapo masana m'nyumba ya malata akale anaziona kale zimenezi. Kadontho kowala komwe kamagwera pansi kuchokera pabowo la msomali kamakhala kozungulira ngakhale bowolo litakhala lokhotakhota, chifukwa kadonthoko ndi chithunzi cha dzuwa lenilenilo. N'chimodzimodzi timadontho ta pansi pa mtengo wa mango. Pa kadamsana, monga wa pa 21 June 2001 yemwe anadetsa mzinda wa Lusaka masana n'kuphimba gawo lalikulu la dzuwa kuno kwathu, timadonthoti timasanduka ngati mwezi wongokhala kumene. Iyi ndi njira yosavulaza yoonera kadamsana: munthu amafulatira dzuwa n'kumayang'ana chithunzi chake pansi kapena papepala. Kusuzumira dzuwa kudzera pakabowo kumaononga maso.

Nzeruyi ndi yakale kwambiri. Zolemba za Mozi ndi ophunzira ake ku China zinafotokoza za chithunzi chozondoka zaka zoposa 2,000 zapitazo. Ibn al-Haytham, yemwe anabadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kukagwira ntchito ku Cairo, anafufuza nkhaniyi mwadongosolo m'chipinda chamdima. Mu 1891, katswiri wa fizikisi wa ku Britain Lord Rayleigh anasindikiza masamu opezera mulingo wa kabowo, ndipo opanga makamera otere amawatsatirabe. Kuyambira mu 2001, Lamulungu lomaliza la mwezi wa April limakumbukiridwa m'maiko ambiri ngati tsiku la kujambula ndi kamera ya kabowo.

Popanga, chitini chimayenera kutsukidwa, kuumitsidwa ndi kupakidwa penti yakuda yosanyezimira m'kati monse, kuphatikizapo chivindikiro. Chitsulo chowala chimabweza kuwala uku ndi uku, ndipo chithunzi chimatuluka chotuwa ngati chajambulidwa m'nkhungu. Kenaka pakhoma la chitini pamaboolwa bowo lalikulu pafupifupi theka la sentimita ndi msomali. Bowo limeneli si lojambulira ayi. Ndi zenera chabe.

Kabowo kenikeni kamaboolwa padera, pakachitsulo kopyapyala kodulidwa ku chitini cha zakumwa zoziziritsa kukhosi. Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse. Kachitsuloko kamaikidwa pa thabwa, ndipo singano imazunguzidwa pang'onopang'ono mpaka nsonga yokha itatulukira kuseri, osati singano yonse. Kachitumbwa komwe katsala kuseriko kamapalidwa ndi sandipepa yosalala, kenaka n'kuunika kabowo ku nyali kuti kaoneke ngati kali kozungulira bwino. Malinga ndi masamu a Rayleigh, chitini chomwe pepala lili masentimita 5 kuchokera pakabowo chimafuna kabowo ka pafupifupi mamilimita 0.3, ndipo cha masentimita 10 chimafuna mamilimita 0.45. Bowo likakula, chithunzi chimawala koma chimasokonekera. Ambiri amaganiza kuti likachepetsetsa ndiye kuti chithunzi chioneka bwino koposa, koma sizili choncho: kuwala kukapanikizika pamalo opapatiza kwambiri kumamwazika, ndipo chithunzi chimayambanso kufufuma. Kachitsuloko kakatheka kamamatidwa kuseri kwa zenera lija, ndipo kachidutswa ka tepi yakuda kamatseka kunja. Kuchotsa tepiyo ndiko kujambula. Kuibwezera ndiko kumaliza.

Pophunzitsa ana, kamera yongoonera ndi yokwanira. Kabowo kamaboolwa pansi pa chitini, ndipo kukamwa kwake kumakutidwa ndi pepala loyera lopakidwa timafuta pang'ono kapena pulasitiki yoyererako. Woonerayo amadzifunda chitenje chakuda kumutu pamodzi ndi chitinicho, ndipo papepalapo pamaoneka mitengo ndi anthu akuyenda miyendo ili m'mwamba. Mphunzitsi wa sukulu yopanda labotale akhoza kupanga khumi zotere popanda kupempha ndalama kwa wina aliyense.

Kusunga chithunzi ndiye nkhani ina, ndipo vuto lake si chitini koma pepala. Pamafunika pepala la zithunzi zakuda ndi zoyera lomwe limasintha likaona kuwala, lija ankagwiritsa ntchito ojambula a m'masitudiyo makamera a digito asanafike. Pepala losindikizira pa printa, ngakhale lonyezimira bwanji, silingagwire ntchitoyi. Masiku ano pepala lenilenilo limavuta kupeza, ndipo ofuna kuyesa amayenera kuitanitsa kunja kapena kufunsa ojambula akale. Limadulidwa ndi kuikidwa m'chitini m'chipinda chamdima, momwe muli nyali yofiira yokha, mbali yokhala ndi mankhwala itayang'ana kabowo. Chivindikiro chimazengedwa ndi tepi.

Pa dzuwa loswa mtengo, chitini chaching'ono chimafuna masekondi 15 mpaka 40 chili chotsegula. Kukachita mitambo pamatenga mphindi zingapo. N'chifukwa chake chitini sichigwiridwa m'manja. Chimakhazikidwa pamwala kapena pampando, ndipo chilichonse choyenda, kaya njinga ya kabaza kaya nkhuku, sichioneka n'komwe kapena chimangosiya kamthunzi. Pepalalo limatsukidwa m'mankhwala otulutsa chithunzi, m'madzi, kenaka m'mankhwala ochikhazikitsa. Mu 1995 ophunzira a ku Rochester Institute of Technology ku America anaonetsa kuti khofi akhoza kutulutsa chithunzi, ndipo lero ambiri amasakaniza khofi wosungunuka, vitamini C ndi soda wochapira. Soda wophikira therere paokha ndi wofooka, koma akakazingidwa mumphika wouma amasanduka wochapira. Chotuluka ndi negetivu: zoyera zimada, zakuda zimayera. Kuijambula ndi foni n'kutembenuza mitundu kumabweretsa chithunzi chenicheni.

Pali njira ina yosafuna mankhwala ngakhale pang'ono, ndipo ndi yomwe ingayenerere bwino malo ngati Milonde. Chitini chimamangiriridwa molimba pamtengo kapena pakhoma n'kusiyidwa chotsegula kwa masabata kapena miyezi. Tsiku lililonse dzuwa limalemba mzere wake papepala, ndipo mizereyo imasanjikizana pamene dzuwa likusuntha ndi nyengo. Chithunzi chotchuka cha mtunduwu chinajambulidwa ndi Regina Valkenborgh pamalo oonera nyenyezi a Bayfordbury, a University of Hertfordshire ku England. Chitini chake chinaikidwa mu 2012, n'kuiwalika, ndipo chinatsitsidwa mu 2020 chili ndi mizere 2,953 ya dzuwa.

Malangizo ambiri a njirayi analembedwa ku Ulaya, ndipo amati kamera iyang'ane kummwera. Kuno ndi zosiyana. Milonde ili pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa Equator, kotero miyezi yambiri dzuwa la masana limakhala chakumpoto, komwenso kuli phiri la Mulanje ndi nsonga yake ya Sapitwa yotalika mamita 3,002. Dzuwa limatsika kwambiri cha pa 21 June, pomwe masana limafika madigiri pafupifupi 50 kuchokera pansi. Kumayambiriro kwa November ndi kwa February limadutsa paliwombo penipeni, ndipo pakati pa miyezi imeneyi limapendekera pang'ono kummwera, komwe kamera yoyang'ana phiri singalione masana. Nthawi yabwino ndi kuyambira April mpaka August, kabowo kataboolwa chakumtunda kwa chitini kuti mizere ya dzuwa ikwane papepala. Imeneyinso ndi miyezi ya chiperoni, ndipo masiku a nkhungu ndi mvula yowaza amasiya mipata pakati pa mizere, moti munthu akhoza kuwerenga papepala masabata omwe dzuwa linabisala. Wofuna chaka chonse ayang'anitse chitini kum'mawa kapena kumadzulo, komwe malo otulukira ndi olowera dzuwa amasuntha madigiri pafupifupi 50 pakati pa June ndi December.

Adani a chitini chotere ndi madzi, dzimbiri ndi chidwi cha ana, choncho chivindikiro chimatidwe kawiri ndipo eni malo adziwitsidwe kuti chinthucho n'chiyani. Potsegula, pepala lisaviikidwe m'mankhwala, chifukwa lingade lonse nthawi yomweyo. Limatulutsidwa m'chipinda chosawala kwambiri, kujambulidwa ndi foni kapena sikana msangamsanga, kenaka n'kusungidwa m'envulopu yakuda.