Vinyo wa mapichesi: yambani pang'ono

Kuno ku Angónia, mvula ikayamba, mapichesi amapsa nthawi imodzi. Mumagulitsa ku Ulónguè, koma ena amangoolera pansi. Otsalawo mutha kupangira vinyo.

Musayambe ndi mgolo. Yambani ndi malita 2 okha, kuti zikakanika musalire shuga.

Tsukani kilo imodzi ya mapichesi akupsa, chotsani nthangala, muwaphwanye m'ndowa yoyera. Wiritsani madzi malita 2, musungunulemo theka la kilo ya shuga. Akazizira thirani m'ndowamo, kenaka supuni yaing'ono ya yisiti. Madzi otentha amapha yisiti. Vundikirani ndi nsalu, muzitakasa tsiku lililonse.

Pakatha masiku 7, sefani, muthire m'chigubu. Musatseke zolimba ayi! Yisiti ikamadya shuga imatulutsa mpweya, ndipo chigubu chitha kuphulika. Dikirani mwezi wathunthu. Kukazizira amachedwa kupsa. Mukaona chuku, tayani.

Mutha kuyesanso masuku kapena karoti. Lembani m'kope tsiku, muyeso ndi kakomedwe kake, kuti ulendo wina mudziwe posintha.

Vinyoyu amaledzeretsa. Ana ndi amayi oyembekezera asamwe.