Ulendo wa m'mbali mwa Shire: zoona pakati pa Balaka ndi Machinga chilimwe chikamayamba

Anthu ambiri a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe amadutsa m'maboma a Balaka ndi Machinga ali pa liwiro, maso ali kunyanja ku Mangochi. Koma msewu umenewu uli ndi zake zokoma, makamaka kuyambira mu Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Okutobala, pamene chisanu chatha koma dzuwa lisanafike pootcha kwenikweni.

Njira yake

Wochokera ku Lilongwe amatsata msewu wa M1 mpaka pa Chingeni, n'kukhotera mu M8 umene umadutsa m'tauni ya Balaka. Wochokera ku Blantyre amayenda mu M3 kudzera ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kukafika pa Liwonde. Kuchokera pamenepo msewu umalowera kumpoto, kudutsa pa Ulongwe, n'kuyandikira nyanja ya Malombe usanafike ku Mangochi. Chigawo cha Liwonde mpaka Mangochi, cha makilomita pafupifupi 75, chinamangidwanso ndi ndalama za African Development Bank.

Maboma awiriwa anali amodzi mpaka mu 1998 pamene Balaka inaima payokha. Machinga kale inkatchedwa Kasupe.

Ubwino wa nyengoyi

Mvula ikakhala itatha kalekale, misewu yafumbi yopita kumadoko ndi m'nkhalango imauma, ndipo galimoto wamba imatha kufika malo amene m'dzinja amafuna galimoto yamphamvu. Udzu umakhala utagwa, madambo ataphwa, kotero nyama zimasonkhana m'mphepete mwa Shire pamene munthu angazione mosavuta. Udzudzu nawo umachepa.

Mu Seputembala mitengo ya miombo ya m'mapiri a Machinga ndi Chikala imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe n'komwe. M'chigwa, milambe imaima yopanda tsamba, pamene migwalangwa imandanda m'mbali mwa mtsinje.

Pa Liwonde

Mlatho wa Kamuzu Barrage, umene unamangidwa mu 1965, uli ndi zitseko zowongolera madzi a Shire, mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi. Madzi odutsa pamenepa ndiwo amakazunguza makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Munthu akaima pafupi n'kuona namasupuni ndi zinyalala zina zimene zimatchingidwa kumtunda kwa mlathowu, amamvetsa chifukwa chake kugwetsa mitengo ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje kumakathera pa kuzima kwa magetsi ku Ndirande ndi ku Kawale.

Chapafupi pali mlatho wa sitima, pa njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka kupita ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970 kulumikiza Malawi ndi doko la Nacala.

Nkhalango ya Liwonde

Malo osungira nyamawa anakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Misampha ndi kupha nyama mozembera zinawawononga kwambiri, mpaka mu 2015 pamene bungwe la African Parks linayamba kuwayendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Nyama zaliwiro zotchedwa cheetah zinabwezeretsedwa mu 2017, mikango mu 2018, ndipo mu 2019 kunabwera zipembere 17 kuchokera ku South Africa. Njovu zinachuluka mpaka zina zinasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022.

Chipata chachikulu chili kufupi ndi tauni ya Liwonde. Njira ina imapatuka pa Ulongwe kukafika pagombe la Shire, pamene mlendo amawoloka pa boti kupita ku Mvuu. Ulendo wa pa boti ndiwo umaonetsa bwino mvuu, ng'ona, nkhwazi ndi njovu zobwera kudzamwa madzi. Amalawi amalipira ndalama yolowera yocheperapo poyerekeza ndi alendo akunja.

Nyanja zitatu

Malombe ndi nyanja yosazama imene Shire amalowamo n'kutulukanso. Inkatchuka ndi chambo, koma usodzi wopyola muyeso unachepetsa nsombayi, ndipo lero pamadoko pamapezeka kwambiri kambuzi. Kummawa kuli Chilwa, nyanja yopanda potulukira madzi, imene David Livingstone anaiona mu Epulo 1859. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 1997 inaikidwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Kumpoto kwake, kumalire ndi Mozambique, kuli Chiuta, imene imafikika kudzera mumsewu wa Ntaja. Chilimwe chikakula madzi a Chilwa amabwerera kutali ndi gombe, choncho ndi bwino kupitako msanga.

Phindu kwa eni dera

Wapaulendo akaima n'kugula mpunga wa m'madambo a Chilwa, malambe, mikeka kapena nsomba zouma, ndalama imatsala m'manja mwa mlimi, woluka ndi msodzi. Ndalama zolowera m'nkhalango zimathandiza pa ntchito yoteteza nyama ndi kusamala mpanda umene umatchinga njovu kuti zisalowe m'minda. Tauni ya Balaka nayo ndi yoyenera kuimapo: ndi kwawo kwa Alleluya Band, Paul Banda ndi Lucius Banda, amene anatchukitsa maimbidwe odziwika ndi dzina la tauniyi.

Zoyenera kusamala

Kunyamuka m'mamawa n'kothandiza, chifukwa chigwachi chimatentha masana. Madzi akumwa ndi mafuta a galimoto zikhale zokwanira musanasiye tala. M'misika ya m'mbali mwa msewu mumadzaza akabaza, ana ndi mbuzi, ndipo m'miyezi imeneyi magulu a zinamwali za jando ndi nsondo amayenda mumsewu akuimba. Dalaivala achepetse liwiro, ndipo asajambule popanda kupempha. Kusamba mu Shire n'koopsa chifukwa cha ng'ona, ndipo m'madzi odikha muli likodzo. Usiku, neti isaiwalidwe.

Banja lokhala ndi masiku awiri likhoza kugona pa Liwonde, kukwera boti m'mawa, n'kukafika ku Malombe dzuwa lisanapendeke.