Mlandu wa Abyssinia pa Bwalo la Mitundu

Itatha nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, akuru a maiko anapangana kumanga bwalo limodzi la mitundu ya anthu, nalicha League of Nations, nalikhazika ku Geneva m'caka ca 1920. Pangano lace linali lokoma m'makutu: mtundu wakuukira mnzace udzayesedwa wakuukira onse, ndipo onse adzaleka kucita nao malonda. Cinali cinthu catsopano ici, pakuti kufikira pamenepo dziko laling'ono linalibe kodandaulira, koma kukhulupirira mikondo yace yokha.

Abyssinia, ndilo dziko limene tilicha Ethiopia, linalowa m'bwalolo m'caka ca 1923, nililandira mpando wolingana ndi wa Italy. Koma pa 3 October 1935 ankhondo a Mussolini analowa m'malire mwace. Bwalo silinacedwe kuweruza, linati Italy ndiye wocimwa. Pofika pa cilango m'pamene manja anayamba kunjenjemera. Analetsa zida, ngongole ndi malonda ena, koma mafuta, amene ndege ndi magalimoto a nkhondo sizikhoza kuyenda popanda iwo, anawasiya, ndipo ngalande ya Suez, mopita zombo za Italy, inakhalabe yotseguka. M'mwezi wa December nduna ziwiri, Hoare wa ku Britain ndi Laval wa ku France, zinapangana m'tseri kupatsa Italy gawo lalikuru la dziko losakhala lao. Mau ataululika anthu anapsa mtima, Hoare natula pansi udindo wace.

Mudzi wa Addis Ababa unagwa m'May 1936. Pa 30 June mfumu Haile Selassie inaimirira pa bwalo ku Geneva, nilankhula m'Ciamhariki, olemba nkhani a ku Italy alikuiimbira mluzu wacipongwe. Inafotokoza za mpweya wakupha umene ndege zinathira pa ankhondo ndi pa midzi, ngakhale Italy adalonjeza m'pangano la 1925 kuti sadzamenya nao nkhondo. Nthumwi zinamva zonsezi, ndipo m'July zinacotsa ciletso ca malonda cija.

Tsono colakwa cinali pati? Ife tiyesa kuti lamulo linali lolungama, koma oligwira anali ndi zao zakusunga. Britain ndi France anaopa kukankhira Mussolini kwa Hitler. Ndiponso iwo eni anali kulamulira maiko ambiri a mu Africa osapempha eni nthaka. Kwathu munthu amene m'khola mwace muli mbuzi ya mwini sitimuika kuti aweruze mlandu wa mbuzi.

Mfumuyo inabwerera ku Addis Ababa pa 5 May 1941 ndi mphamvu ya mfuti, m'nkhondo imene asilikari a King's African Rifles ocokera ku Nyasaland anamenya nao. League of Nations inatsekedwa m'caka ca 1946. Bwalo lolowa m'malo mwace, United Nations, linamangidwa m'caka ca 1945, ndipo maiko asanu akuruakuru anadzisungira mphamvu yakuti limodzi lokha likakana, ciweruzo ca Security Council cigwa.