Kagawidwe ka Udindo Wosamalira Madzi m'Dera la Nsaru

Anthu ambiri a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete m'boma la Lilongwe amadalira mijigo, zitsime ndi madambo pa madzi akumwa, omwetsa ziweto ndi othirira mbewu za kudimba. Malinga ndi lamulo la Water Resources Act la chaka cha 2013, madzi onse a m'dziko muno, a pamtunda ndi a pansi pa nthaka, ali m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu onse. Ntchito yowasamalira idagawidwa pakati pa nthambi zingapo, ndipo wodziwa khomo loyenera kugogoda sataya nthawi kapena ndalama.

Zilolezo

Unduna woona za madzi ndiwo umakonza mfundo zoyendetsera gawoli. Pansi pake pali bungwe la National Water Resources Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013 lija. Bungweli limapereka zilolezo zopatutsa madzi mumtsinje, kutchinga damu, kukumba mjigo ndi kutaya madzi oipa, komanso limalembetsa makampani okumba mijigo. Madzi otunga pa ntchito za pakhomo safuna chilolezo, koma mlimi wa esiteti kapena wamalonda wofuna kupopa madzi ochuluka ayenera kuyamba wafika ku bungweli. Chifukwa chake n'chakuti madzi sathera pamudzi umodzi: mtsinje wa Namitete umathira mu Bua, ndipo Bua amakafika kunyanja ya Malawi m'boma la Nkhotakota. Wotseka madzi kumtunda amalanda anzake a kumunsi.

Madzi a m'mipopi

Lamulo la Waterworks Act la chaka cha 1995 lidagawa ntchito yogulitsa madzi a m'mipopi kwa mabungwe asanu. Lilongwe Water Board imatumikira mzinda wa Lilongwe ndi madera oyandikira, ndipo imasunga madzi m'madamu awiri a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe. Matauni ena a m'chigawo chapakati ali m'manja mwa Central Region Water Board. Mijigo ya m'midzi siili pansi pa mabungwe amenewa.

Mijigo ya m'midzi

Kuyambira pomwe lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapereka mphamvu kwa anthu, madzi akumidzi amayang'aniridwa ndi khonsolo ya boma la Lilongwe kudzera mu ofesi yake ya zamadzi. Mudzi wofuna mjigo umapereka pempho ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, pempholo n'kupita ku komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo. Mjigo ukakumbidwa, umasamalidwa ndi komiti yosankhidwa ndi eni mudzi, yomwe imasonkhetsa ndalama zogulira zipangizo za pampu ya Afridev ndi kuitana mmisiri wa m'deralo pampuyo ikawonongeka. Vuto likaposa mmisiriyo, komiti imadziwitsa mlangizi wa zamadzi wa khonsolo.

Ukhondo, ulimi ndi chilengedwe

Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa anthu kusamala madzi akumwa ndi kugawa mankhwala a kolorini, makamaka m'nyengo ya dzinja. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe udakhudza kwambiri boma la Lilongwe, udaonetsa kufunika kwa ntchito imeneyi. Muyeso wa madzi oyenera kumwa umakhazikitsidwa ndi Malawi Bureau of Standards.

Nthambi ya ulimi wothirira, mogwirizana ndi alangizi a zaulimi, imathandiza magulu a alimi kukhazikitsa masikimu ndi kugawana madzi mwachilungamo. Nthambi ya zankhalango imateteza mitengo ya m'magwero a mitsinje, monga nkhalango ya Dzalanyama kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera. Bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, limaunika ntchito zikuluzikulu zisanayambe ndi kutsata nkhani za kuipitsa madzi.

Mkangano wa madzi a padambo umayambira kwa mfumu ndi komiti ya m'mudzi. Ukakanika kumeneko umapita kukhonsolo, ndipo ukakhudza chilolezo umapita ku National Water Resources Authority.